Kodi Liwiro Lili M'magazi?

(NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKA ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

WOULUTSA: Lero tikambirane za kuthamanga. Koma ndikuchenjezeretuni kuti nkhaniyi itifikitsa kutali, mpaka m'kalasi ndi m'nyumba ya malamulo.

Tsiku lina ndinali kometetsa. Pakona panali kanema, ndipo ankaonetsa mpikisano wa marathoni mumzinda wina wa ku Ulaya. Gulu lotsogola linali la anthu ngati khumi, onsewo a ku Kenya ndi ku Ethiopia. Bambo wina wachikulire, thaulo lili m'khosi, anapukusa mutu n'kunena kuti, "Amenewa musalimbane nawo, ndi magazi awo." Mnyamata wometayo anatsira ndemanga: "Eetu madala, ife anthu akuda Mulungu anatipatsa miyendo, azungu anawapatsa mutu." Tonse tinaseka, inenso ndinaseka nawo. Koma ndili m'njira kubwerera kunyumba mawu a mnyamata uja anayamba kundiwawa. Iye ankaona ngati akutama anthu akuda, chonsecho anali atangodzitukwana yekha, ndipo ife tinamuthandiza ndi phwete.

Ndiye tiyeni tifunse bwinobwino: kodi n'zoona kuti liwiro lili m'magazi a mtundu winawake?

(NYIMBO PANG'ONO)

Tiyambire ku Rome, pa 10 Sepitembala 1960. Marathoni ndi makilomita 42 ndi mamita 195, ndipo tsiku limenelo mpikisano unayamba madzulo n'kutha kutada, asilikali atanyamula miyuni m'mbali mwa msewu. Woyamba kutulukira anali msilikali wolondera mfumu ya Ethiopia, dzina lake Abebe Bikila, ndipo analibe nsapato. Zimene anapeza ku Rome sizinamukwane bwino, choncho anathamanga ndi mapazi osavala kanthu. Anamaliza pa maola 2, mphindi 15 ndi masekondi 16, n'kukhala munthu wakuda woyamba wa mu Africa kupata mendulo ya golide pa masewera a Olimpiki. Kumbukirani kuti m'chaka cha 1935 asilikali a Italy anali atalowa m'dziko lake ndi mfuti. Patangopita zaka 25, mwana wa mbusa wa ku Ethiopia anagonjetsa dziko lonse m'misewu ya likulu lawo lomwelo.

Anthu amakonda kukumbukira mapazi opanda nsapatowo, chifukwa amagwirizana ndi chithunzi chimene anali nacho kale cha Mwafirika wongotuluka m'tchire n'kuyamba kuthamanga. Chimene amaiwala n'chakuti Bikila anali ndi mphunzitsi, Onni Niskanen wa ku Sweden, amene anamukonzekeretsa mwadongosolo, mpaka kukayendera naye msewuwo mpikisano usanachitike. Amaiwalanso kuti mu 1964 ku Tokyo anapambananso, atavala nsapato, patangotha milungu ngati isanu ndi umodzi chimuchitireni opaleshoni ya apendikisi, ndipo anathamanga mofulumira kuposa ku Rome.

Kenaka kunabwera 1968 ku Mexico City. Naftali Temu wa ku Kenya anatenga golide pa mamita 10,000. Amos Biwott anatenga pa mpikisano wodumpha zotchinga ndi madzi uja. Kipchoge Keino, akudwala ndulu, anasiya kutali katswiri wa ku America Jim Ryun pa mamita 1,500. Mamo Wolde wa ku Ethiopia anatenga marathoni. Olemba nkhani ambiri a kunja anati zachitika chonchi chifukwa mzinda wa Mexico uli pamwamba, mamita 2,240, ndipo Aafirikawa anazolowera mapiri. Ankayembekeza kuti masewera akabwerera kuchigwa zinthu zibwerera mwakale. Mu 1972 ku Munich, kumene si kumapiri ngati ku Mexico, Keino anatenganso golide. Kufotokoza kwa mapiri kutaperewera, m'pamene nkhani ya magazi inakula.

Koma pali chinthu chimene bambo wa thaulo uja sankadziwa. Zaka 100 zapitazo, anthu amene dziko linkati ali ndi liwiro m'magazi anali a ku Finland, azungu oyera mbee a kumpoto kozizira. Hannes Kolehmainen anatenga golide katatu mu 1912. Paavo Nurmi anatenga mamendulo a golide 9 pakati pa 1920 ndi 1928. Pa nthawiyo anthu ophunzira ankafotokoza motsimikiza kuti mitunda italiitali ndi ya azungu a kumpoto, eti chifukwa ndi opirira ndi odziletsa, pamene munthu wakuda angathe kuthamanga kamtunda kakafupi basi, alibe mtima woti n'kupirira makilomita ambiri. Lero nkhani yatembenuka, koma mafotokozedwe ake ndi omwe aja. Nanga magazi a ku Finland anapita kuti? Sanapite kulikonse. Dzikolo linalemera, anyamata ake anapeza ntchito zina ndi masewera ena, ndipo ena anabwera amene anali ndi njala yoposa yawo.

(NYIMBO PANG'ONO)

Tsopano tione zimene asayansi anapeza atapita kukayeza, osati kungoganizira ali pa mpando.

Choyamba, mapiri aja si bodza. Tauni ya Iten ku Kenya ili pa mamita pafupifupi 2,400, ndipo Bekoji ku Ethiopia ili pamwamba kuposa pamenepo. Pamalo okwera chonchi mpweya ndi wopepuka. Mukapuma kamodzi ku Iten, okosijeni amene walowa m'mapapo amachepa ndi gawo limodzi mwa magawo anayi poyerekeza ndi m'mphepete mwa nyanja yamchere. Thupi silingokhala chete. Impso zimatulutsa timadzi totchedwa EPO, timene timalamula mafuta a m'mafupa kuti apange maselo ofiira a magazi ochuluka, ndipo maselo amenewa ndiwo amanyamula okosijeni kupita nayo ku minofu. Zimenezi zimachitika kwa munthu aliyense. Munthu wa ku Nsanje akakakhala pa Nyika milungu ingapo, masiku oyambirira azingoti wefuwefu, koma pakutha pa mwezi magazi ake adzakhala atasintha. N'chifukwa chake othamanga a ku Ulaya, ku America ndi ku Asia amadzaza nyumba za alendo ku Iten. Akanakhulupirira kuti chinsinsi n'chobadwa nacho, sakanawononga ndalama zawo za ndege.

Komanso mapiri okha sakwanira. Mzinda wa La Paz ku Bolivia uli pa mamita oposa 3,500. Ku Nepal ndi ku Tibet anthu amakhala pamwamba kwambiri chibadwire. Simunamvepo kuti akusesa mamendulo a marathoni.

Chachiwiri ndi kaumbidwe ka thupi, ndipo apa ndikufuna ndinene mosabisa, chifukwa wokonda choonadi sasankha zomukomera zokha. M'zaka za m'ma 1990, katswiri wa za thupi wa ku Sweden, Bengt Saltin, ndi anzake anayerekeza othamanga a ku Kenya ndi a ku Scandinavia. Pa kuchuluka kwa okosijeni amene thupi lingagwiritse ntchito likafika pomaliza penipeni, magulu awiriwa sanasiyane kwenikweni. Kusiyana kunali pa kusamala mphamvu: pa liwiro lofanana, Akenya ankagwiritsa ntchito okosijeni wocheperako. Taganizani galimoto ziwiri za injini yofanana, ina n'kumamwa mafuta ochepa pa ulendo womwewo. Chimodzi mwa zifukwa zimene ofufuzawo anatchula ndi miyendo yowonda kumunsi kwa bondo. Mwendo umapita kutsogolo ndi kumbuyo kambirimbiri pa mpikisano umodzi, ndiye kulemera pang'ono kwa ku akakolo kumadya mphamvu zambiri. Amene munayendapo m'dimba nsapato zitamata matope mukudziwa zimene ndikunena.

Ndiye kuti bambo aja ananena zoona? Dikirani kaye. Thupi lowonda limachokera kwa makolo, inde, komanso limachokera ku zakudya ndi ntchito za ubwana. Ndipo anthu a miyendo yotere aliko ambiri ku South Sudan, kumpoto kwa Tanzania, ngakhale m'midzi mwathu momwemuno. Mwendo wowonda ndi mwayi, monga kutalika kulili mwayi kwa womwetsa zigoli pa ntchemberembaye. Koma wamtali aliyense si Mwawi Kumwenda.

Chachitatu ndi ubwana. Ofufuza ena, pakati pawo Yannis Pitsiladis ndi Vincent Onywera, anafunsa akatswiri a ku Kenya za mmene anakulira. Anapeza kuti ambiri mwa ofika pa mipikisano ya mayiko ankayenda mtunda wautali popita kusukulu, ndipo ambiri ankathamanga. Haile Gebrselassie wa ku Ethiopia ankathamanga makilomita 10 kupita ndi 10 kubwerera, ndipo mpaka atakula ankathamanga mkono wina utapindika ngati wapanira mabuku. Nkhani imeneyi ambirife sitikuidabwa. Inenso ndinathamangapo m'mamawa mame ali thoo, mbatata ili m'thumba, ndikuopa mphunzitsi wina amene ankadikira ochedwa pageti ndi kamtengo ka bulugamu. Kusiyana kwake n'kwakuti ine kuthamanga kwanga kunathera pagetipo. Panalibe amene anandiyang'ana ndi wotchi m'manja.

Ofufuza omwewo anayang'ananso m'mbale. Chakudya chachikulu cha akatswiriwa ndi ugali, imene ndi nsima yathu yomweyi, ndiwo zamasamba, nyemba, ndi tiyi wamkaka wothira shuga wambiri. Palibe zodabwitsa.

Nanga majini? Sindikunena majini ogwira anthu aja ayi, ndikunena timalangizo ta m'maselo timene mwana amatengera kwa makolo ake. Pitsiladis ndi anzake anatenga zaka akuyeza akatswiri a ku Kenya ndi ku Ethiopia, kufunafuna jini ya liwiro imene ena onse alibe. Sanaipeze. Anapeza kuti akatswiriwo ndi osiyanasiyana kwambiri pakati pawo. Ndipo taonani kumene amachokera. Ambiri a ku Kenya ndi Akalenjini, mtundu wa anthu opitirira pang'ono 6 miliyoni. Koma Temu, amene anatsegula khomo la golide, anali Mkisii. Samuel Wanjiru, amene anatenga marathoni ku Beijing mu 2008, anali Mkikuyu ndipo sekondale anakaphunzira ku Japan. David Rudisha ndi Mmasai. Akatswiri ambiri a ku Ethiopia ndi Aoromo, amene chinenero chawo n'chosiyaniratu ndi cha Akalenjini. Akuti magazi amodzi, magazi ake ati?

Kuti majini amathandiza munthu payekha, zimenezo n'zoona. Chitsanzo chodziwika bwino n'cha Eero Mäntyranta, katswiri wotsetsereka pa chipale, amene anatenga mamendulo 7 a Olimpiki m'zaka za m'ma 1960. Madokotala anadzapeza kuti m'banja mwawo muli jini imene imachititsa thupi kupanga maselo ofiira ochuluka modabwitsa. Ameneyo ndiye analidi ndi mphatso m'magazi. Anali mzungu wa ku Finland, ndipo mphatsoyo inali ya banja lawo, osati ya azungu onse.

(NYIMBO PANG'ONO)

Tsopano ndifike pa gawo limene ndimalikonda, chifukwa ndi limene limaiwalika kawirikawiri: aphunzitsi.

Mu 1976 ku sukulu ya St Patrick's ku Iten kunafika Bulazala wa Chikatolika wa ku Ireland, Colm O'Connell. Anabwera kudzaphunzitsa jogalafe, ndipo za kuthamanga sankazidziwa. Anangoyamba kuthandiza pabwalo madzulo, kuonerera ana ndi kuphunzira kwa iwo. Anakhazikika komweko. M'manja mwake munadutsa Peter Rono, amene anatenga golide pa mamita 1,500 mu 1988, Wilson Kipketer, ndi Rudisha uja, amene ku London mu 2012 anathamanga mamita 800 pa mphindi imodzi ndi masekondi 40.91. Chinanso chachikulu chimene anachita n'kuyambitsa makampu a pa holide, kumene ankaitanako atsikana, pa nthawi imene makolo ambiri ankaona kuti mtsikana wovala kabudula n'kumathamanga pamsewu akuchititsa manyazi banja.

Ku Bekoji nkhani ndi yomweyo. Mphunzitsi wa masewera pa sukulu ya pulayimale, Sentayehu Eshetu, ankasonkhanitsa ana m'mamawa n'kumawathamangitsa m'nkhalango ya bulugamu. Mwa ana ake munatuluka Derartu Tulu, Kenenisa Bekele ndi Tirunesh Dibaba. Katauni kamodzi, mamendulo a Olimpiki oposa a mayiko ambiri athunthu. Kodi magazi a ku Bekoji amasiyana ndi a mudzi woyandikana nawo? Chimene Bekoji inali nacho ndi munthu wokhala ndi wezulo amene sankajomba.

Ku Jamaica, kwawo kwa Usain Bolt, kuli mpikisano wa masukulu a sekondale umene amautcha Champs. Unayamba mu 1910, ndipo mpaka lero umadzaza bwalo lalikulu la dzikolo, makolo ndi akuluakulu a boma ali pomwepo. Mwana waliwiro ku Jamaica sangabisike. Kuno kwathu angathe kubadwa, kukula, kukalamba, osadziwa n'komwe kuti anali ndi kanthu m'miyendo.

Kenaka pali ndalama, ndipo tisachite nazo manyazi. Mnyamata wa ku Eldoret amaona mnansi wake atapambana mpikisano umodzi kunja n'kubwera kudzagula munda, ng'ombe zamkaka ndi kumanga nyumba ya malata. M'mawa mwake nayenso amadzuka mbandakucha. Anthu zikwizikwi akamayesa chinthu chimodzi ndi mtima wonse, mwa iwo simulephera kutuluka akatswiri. Ife timangoona khumi a pa kanema aja. Sitiona mazanamazana amene anavulala mawondo n'kubwerera kumunda chimanjamanja. Njala yomweyo ndi imene yagwetsera ena m'mankhwala oletsedwa. Jemima Sumgong, amene anatenga golide wa marathoni ku Rio de Janeiro mu 2016, anapezeka ndi EPO wochita kubaya chaka chotsatira ndipo analetsedwa kupikisana. Si yekha, ndipo dziko la Kenya lakhala pa mavuto aakulu ndi nkhani imeneyi. Munthu amene liwiro lili kale m'magazi angabayirenji jakisoni wowonjezera magazi?

Ndipo ntchito yake si yamasewera. Eliud Kipchoge, ali kale mpondamatiki, ankakhala pa kampu ya Kaptagat pafupifupi sabata yonse kutali ndi banja, kuchapa yekha, kukolopa ikafika nthawi yake, ndi kuthamanga makilomita oposa 200 pa sabata. Pa 12 Okutobala 2019 ku Vienna anamaliza mtunda wa marathoni pa ola limodzi, mphindi 59 ndi masekondi 40. Sanauwerengere ngati mbiri yovomerezeka chifukwa panali omutsogolera osinthanasinthana, koma tamvani tanthauzo la liwirolo. Pitani pa bwalo la mpira, muthamange kuchokera pa golo ina kufika pafupi ndi inzake, mamita 100, pa masekondi 17. Mukatero mubwereze maulendo 422 osapuma. Munthu wotere mukamuuza kuti ndi magazi chabe, mwamulanda zaka makumi awiri za thukuta lake.

(NYIMBO PANG'ONO)

Tibwerere kwa mnyamata wometa uja, chifukwa mawu ake ali ndi mbiri yoipa.

Maganizo akuti anthu anagawidwa m'mitundu ingapo potengera khungu, uliwonse ndi mphatso yake ndi malire ake, anakula m'nthawi ya ukapolo ndi utsamunda, ndipo ankathandiza amene ankapindula nazo. Mu 1953 boma la South Africa linakhazikitsa lamulo la maphunziro a anthu akuda lotchedwa Bantu Education Act. Nduna imene inaliyendetsa, Hendrik Verwoerd, sinabise cholinga chake: inkaona kuti n'kutaya nthawi kuphunzitsa mwana wakuda masamu, popeza malo ake m'dzikolo ndi a ntchito zamanja. Miyendo kwa akuda, mutu kwa azungu. Ndi mawu omwe aja a kometetsa, kungoti uku anali ndi apolisi kumbuyo kwake. Ana a ku Soweto anafa pa 16 Juni 1976 akukana maphunziro amenewo. N'chifukwa chake ndimati tisamaseke mwana wathu akamayankhula chonchija.

Sayansi ya masiku ano imanena zina. Anthu awiri alionse pa dziko lapansi amafanana majini pafupifupi 99.9 peresenti. Pa kachigawo kotsalako, Richard Lewontin anaonetsa mu 1972 kuti pafupifupi magawo 85 mwa 100 a kusiyanako amapezeka pakati pa anthu a gulu limodzi lomwelo, ndipo kochepa chabe ndi kamene kamasiyanitsa zimene timati mitundu. Komanso ku Africa kuno ndi kumene anthu amasiyana majini kwambiri kuposa kwina kulikonse, chifukwa anthu akhala kuno nthawi yaitali koposa, ndipo amene anafalikira ku makontinenti ena anali kagulu kochepa kochokera konkuno. Mawu akuti "munthu wakuda" amaunjika pamodzi Bolt wa minofu ngati ng'ombe yapangolo ndi Kipchoge wochepa thupi uja, anthu amene sangasinthane mipikisano ngakhale tsiku limodzi. Khungu lakuda ndi chitetezo ku dzuwa lamphamvu la m'madera otentha, basi. Silikuuzani za mapapo, za mtima, kapena za ubongo wa mwini wake.

Ku America anthu anakhulupirira kwa zaka zambiri kuti akuda sangathe kusambira, eti mafupa awo ndi olemera. Zoona zake n'zakuti ankawaletsa kulowa m'madamu osambiramo, ndiye makolo osadziwa kusambira analera ana osadziwa kusambira. Mu 1988 Anthony Nesty wa ku Suriname anatenga golide wa Olimpiki pa kusambira, ndipo mu 2016 Simone Manuel anachita chimodzimodzi. Koma ife sitinafunikire kudikira Olimpiki. Akanangobwera ku Nkhotakota kapena ku Chembe n'kuona tiana tikudumpha m'bwato pakati pa nyanja, nkhani ya mafupa ikanathera pomwepo.

Ngati pali liwiro la m'magazi, ndi la tonsefe. Mu 2004 asayansi awiri, Dennis Bramble ndi Daniel Lieberman, anafotokoza kuti thupi la munthu linaumbidwa mothandiza kuthamanga mtunda wautali: mtsempha wautali wa kuchidendene umene umagwira ntchito ngati sipuling'i, minofu ikuluikulu ya m'matako, khungu lopanda ubweya wambiri, ndi thukuta. Nyama zambiri zimaziziritsa thupi mwa kupuma wefuwefu, ndipo zikathamanga nthawi yaitali padzuwa zimatenthedwa n'kugwa. Munthu amatuluka thukuta uku akupitirira. Mphatso imeneyi ali nayo Mchewa, Mtchaina ndi Mjeremani.

(NYIMBO PANG'ONO)

Ndale nazo zimasankha amene apambane. Mu 1976 mayiko a mu Africa oposa 20 ananyanyala masewera a ku Montreal, pokwiya kuti timu ya rugby ya New Zealand inakasewera ku South Africa ya tsankho koma dzikolo silinalangidwe. Mu 1980 Kenya inanyanyalanso masewera a ku Moscow. Pakati pa zaka ziwirizi panali Henry Rono wa ku Kenya, amene mu 1978 anaphwanya mbiri zinayi za dziko lonse m'masiku 81 okha. Munthu ameneyu sanapondepo pa bwalo la Olimpiki. Mukawerenga mndandanda wa mamendulo simumupeza, ndipo magazi ake analibe vuto lililonse.

South Africa inaloledwa kubwerera ku Olimpiki mu 1992 ku Barcelona. Pa mamita 10,000 a amayi, Derartu Tulu wa ku Bekoji uja analimbana ndi Elana Meyer, mzungu wa ku South Africa, mpaka Tulu anamusiya pa kuzungulira komaliza, n'kukhala mayi wakuda woyamba wa mu Africa kutenga golide wa Olimpiki. Anamudikira mnzakeyo pomalizira, ndipo awiriwo anazungulira bwalo atagwirana manja.

Nanga kuno? Anansi athu anaonetsa kale kuti n'zotheka. Samuel Matete wa ku Zambia anakhala katswiri wa dziko lonse pa mamita 400 odumpha zotchinga mu 1991, ndipo Muzala Samukonga anabweretsa mendulo ya buronzi kuchokera ku Paris mu 2024. Chaka chomwecho Letsile Tebogo wa ku Botswana anatenga golide pa mamita 200. Maria Mutola wa ku Mozambique ankasewera mpira ndi anyamata ku Maputo pamene mlakatuli José Craveirinha anamuona n'kumulimbikitsa kuti ayese kuthamanga. Mu 2000 ku Sydney anatenga golide pa mamita 800. Apanso mukuona kuti panali munthu wamkulu amene anaima n'kuyang'ana mwana.

Malawi inayamba kupita ku Olimpiki mu 1972. Mapiri tili nawo, nsima tili nayo, ana oyenda mitunda kupita kusukulu ndiye osanena. Amene munaonerapo mpikisano wa onyamula katundu pa phiri la Mulanje mukudziwa kuti miyendo ndi mapapo zilipo. Ndipo tili ndi umboni wathuwathu wa zimene zimachitika masewera akazika mizu m'masukulu. Pafupifupi sukulu iliyonse ili ndi mitengo iwiri yokhala ndi zingelengele, ndipo mtsikana amayamba kuponya mpira ali wamng'ono. Mu 2018 ku Gold Coast, timu ya Malawi Queens inagonjetsa New Zealand ndi zigoli 57 kwa 53. Palibe amene ananena kuti ntchemberembaye ili m'magazi a Amalawi. Tonse tikudziwa kumene inachokera. Akuluakulu anati liwiro la mumchenga n'kuyambira pamodzi, ndipo pa kuthamanga ife sitinayambire pamodzi ndi anzathuwo.

Kwa inu amene zaka zapita ndipo za mendulo mulibe nazo ntchito, bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azigwiritsa ntchito thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata, monga kuyenda ndawala mpaka kutuluka kathukuta, ndipo mwana mphindi 60 tsiku lililonse. Amene mumalima ndi kutunga madzi mumapitirira muyezo umenewu osadziwa. Nkhawa yanga ili pa ife a m'tauni, ochoka pa mpando wa minibasi kupita pa mpando wa mu ofesi, kwinaku BP ndi shuga zikutilondola. Ngati muli kale ndi vuto la mtima kapena BP yokwera, yambani mwaonana ndi a chipatala, ndipo muyambe pang'onopang'ono.

Pempho langa lipite kwa aphunzitsi aakulu ndi a makomiti a sukulu. Nthawi ya masewera olimbitsa thupi musaisandutse nthawi yosesa pabwalo kapena yobwereza masamu a mayeso. Bwalo la sukulu musaligawe mapuloti. Yezani mamita 400 ndi chingwe, muthire laimu kapena phulusa, mupeze mphunzitsi mmodzi wokhala ndi wezulo ndi foni yowerengera masekondi, ndipo nthawi ya mwana aliyense muilembe m'kope, atsikana ndi anyamata omwe. Teremu ikubwerayi mudzayezenso.

 

(NYIMBO IKWERE MPAKA KUMAPETO)